Abiti Kassimu ndi Mitsuko Yodontha

Mukafika ku Kachulu kuno n'kufunsa za malemu Abiti Kassimu, anthu amayamba aseka kaye asanakuyankheni. Anali mayi oumba mitsuko yosasunga madzi. Oumba mbiya ena onse kwa Mwambo amalimbana kuti mtsuko usadonthe. Iwo ankalimbana kuti udonthe, koma udonthe pang'onopang'ono, mwaulemu. Ankasakaniza dongo ndi mankhusu a mpunga. Powotcha, mankhusuwo ankapsa n'kusiya timabowo tosaoneka ndi maso. Ukadzaza mtsuko wawo lero, mkuja upezamo madzi osakwana kumwetsa nkhuku.

Mayi wina wongokwatiwa kumene, mlendo m'mudzi muno, anatenga mtsuko umodzi osafunsa anthu. Patapita masiku awiri anabwera nawo pamutu.

"Amayi, mtsuko uja ukudontha."

"Sukudontha, ukutuluka thukuta. Inuyo simutuluka thukuta?"

"Koma madzi onse athera pansi."

"Ndiye kuti ndi wabwino. Utuleni apo, simukuuyenera."

Anamupatsa chigubu chapulasitiki n'kumuuza kuti azikasunga madzi ngati munthu wamba.

Ine ndine Emma. Nyumba yanga ndi ya Abiti zinayang'anizana zaka zoposa makumi atatu, msewu wopita kudoko uli pakati. Iwo anali Msilamu, ine wa Katolika, koma mchere unali umodzi, lichero limodzi. Ankanditchula Che Emma, ine ndinkawati achemwali. Dzina lawo lobadwa nalo linali Hawa, koma olitchula anali amuna awo okha, Che Sharifu, nawonso akaonetsetsa kuti eni ake ali kutali.

Mitsuko ija sinali ya m'nyumba. Inali ya mbibu, mitengo imene ife a makolo ochokera ku Mozambiki timaitcha kaju. Nkhani yake inayamba chaka chija nyanja ya Chilwa inaphwa, cha m'ma 1995, mabwato atagona cham'mbali pamatope ong'aluka. Che Sharifu, msodzi wopanda nyanja, ankangokhala pakhonde kusoka ukonde umene sunang'ambike. Abiti anatopa kuwaonerera. Anamanga nsalu m'chiuno n'kuwoloka nyanja wapansi, ulendo wa kwa abale awo kutsidya. Anabwerako patatha sabata ndi mapazi ong'ambika komanso kamtolo ka njere za mbibu. Anadzala makumi anayi kuseri kwa nyumba, pamchenga pamene ngakhale chinangwa chinkapakana.

Kutsidya kuja anabwerakonso ndi chiphunzitso chimene anatilalikira mpaka imfa yawo. Ankati mtengo wa mbibu umamwa ndi miyendo, kumutu umafuna mphepo yokha. Maluwa ake akanyowa n'kugona onyowa amagwidwa chuku, amada bii ngati awauka ndi moto, kenaka n'kuyoyoka. Timbibu tongobadwa kumene timachita madontho akuda n'kuumira pamtengo. Ukathiranso madzi patsinde penipeni n'kuchita chithaphwi, khungwa limayamba kulira utomoni, mizu n'kumawola. N'chifukwa chake mitsuko yawo ankaikwirira patali ndi tsinde, pamene mthunzi wa nthambi umathera, khosi lokha lili kunja, atavundikira ndi phale. Madzi ankayenda pansi pa nthaka osakhudza tsamba ngakhale limodzi.

Woyamba kulakwira lamuloli anali Che Sharifu. Tsiku lina atasamba kumaso, anakapiza madzi a m'beseni chakumunda, madontho ena n'kugwera kamtengo kakumapeto. Abiti anaona ali kukhitchini. Anawagwira dzanja amuna awo mpaka pakamtengo paja.

"Pepesani."

"Pepani, Abiti."

"Osati ine. Ine mwandinyowetsa?"

Kuyambira tsiku limenelo Che Sharifu ankawoloka msewu m'mawa uliwonse ndi beseni lawo, kudzasambira kumaso kuseri kwa nyumba yathu. Malemu amuna anga, a Thomson, ankawabwereka sopo n'kumawafunsa kuti kundende kwacha bwanji.

Mdani wawo wamkulu anali chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamabwera ndi mwera mu Julaye, mbibu zikuyamba maluwa. Kakangoyamba, Abiti ankatuluka atavala jumbo kumutu, nsungwi yaitali kumanja, n'kumagwedeza nthambi imodzimodzi kuti madzi agwe. Pakamwa sipankakhala chete. Ankayang'ana mtambo wochokera chakuphiri la Mulanje n'kumaufunsa ngati mlamu wobwera nthawi yolakwika.

"Mu Janyuwale mpunga unakufunani, munali kuti? Lero wakuitanani ndani?"

Chaka china, mitengo ikadali yaifupi, anayenda mudzi wonse Loweruka kubwereka maambulera, ati kuli alendo. Lamulungu m'mawa tinadzuka kukuwaza, ndipo titasuzumira kutsidya kwa msewu tinaona maambulera athu khumi ndi anayi atamangiriridwa pansungwi, uliwonse ukufunditsa kamtengo kake. Kwaya yonse tinafika kutchalitchi tili nyowe. Wansembe atafunsa chimene chachitika, wina anayankha kuti maambulera athu alowa Chisilamu.

Podulira nthambi analinso ndi muyeso wawo. Ankati mkati mwa mtengo muzidutsa mphepo, masamba aziuma dzuwa lisanakwere. Akadulira, ankaponya patapata kudutsa pakati pa mtengo. Ikatulukira mbali inayo, ntchito yatha, ikakodwa, abwereza. Patapata yake sinkakhala yawo. Nyengo yodulira, Che Sharifu ankapezeka kudoko phazi limodzi lili pansi, ndipo asodzi anzawo sankafunsanso.

Tinaseka zaka zinayi. Chaka chachisanu kuseka kunachepa. Mbibu zinabereka mpaka nthambi kugwada. Masana alionse kuseri kwawo kunkafuka utsi wowawa wa mbibu zokazinga palata, ndipo ogula a ku Zomba ankatsika minibasi n'kudutsa matemba osawayang'ana, kufunsa kwa Abiti Kassimu. Udzu unachoka padenga lawo, panakwera malata. Mwana wawo mmodzi yekha uja, Mwajuma, anamaliza sekondale ndi mbibu zomwezo.

Tinayamba kupita mmodzimmodzi kukapempha mbande. Sankamana munthu. Ankakupatsa mbande, mitsuko iwiri pa mtengo uliwonse, ndi ulaliki wa maola awiri umene sunkaloledwa kuukana. Ena ankatumiza akazi awo, Abiti n'kuwabweza kuti akabwere ndi amunawo, chifukwa okapiza madzi ndi iwowo. Mapeto ake tinakwana anthu makumi awiri ndi atatu, tinapanga kalabu, ndipo Abiti anakhala wapampando popanda chisankho. Panalibe amene anaganizako kuti mpandowo ungakhale wa wina.

Koma pali chimene sitinkawauza. Mtsuko sudzidzaza wokha. Ine ndinali ndi mitengo khumi ndi isanu, mitsuko makumi atatu, ndipo chitsime chili kumunsi kudambo. Kawiri pa sabata, kuyambira Julaye mpaka mvula, ndowa inali pamutu. A Thomson atamwalira ndinatsala ndekha ndi ntchitoyo. Khosi langa linafika poti ndikafuna kuona munthu wondiitana kumbuyo ndinkatembenuka thupi lonse ngati ngolo. Abiti ankasenza ndowa zawo akuyimba, ndiye ukanayamba bwanji kudandaula?

Nyanja itaphwanso mu 2018, kunabwera bungwe lina lothandiza alimi. Linatumiza mlangizi dzina lake Prince, bambo waulemu, wa njinga yamoto ndi chipewa chachikulu. Pamsonkhano woyamba, m'kalasi ya kupulayimale, amene anakhala kutsogolo penipeni anali a Makisoni. A Makisoni anagwirapo ntchito ya ulonda kuminda ya tiyi ku Thyolo, ndipo chibwerereni kumeneko ankavala majombo ngakhale mu Okutobala. Nkhani iliyonse ankaiyamba ndi mawu akuti kuesiteti.

Prince anafotokoza kuti atipatsa pampu ya sola yokoka madzi pachitsime kupita muthanki, ndipo kuchoka muthanki madzi azipita ku timipope tozungulira, towaza m'mwamba ngati mvula.

"Ngati chiyani?" anafunsa Abiti.

"Ngati mvula, amayi."

"Mwezi uti?"

"Ogasiti ndi Seputembala, pamene mitengo imakhala ndi ludzu kwambiri."

"Nthawi ya maluwa imeneyo. Mwana wanga, Mulungu ali ndi madzi ambiri kuposa bungwe lanu. Munayamba mwadzifunsa chifukwa chake sagwetsa mvula mu Seputembala?"

Prince anasekerera n'kuyang'ana m'mapepala ake.

"Pampuyo ndikuifuna," anapitiriza Abiti. "Thankiyonso ibwere. Koma mundipatse paipi yoyenda pansi ngati njoka, izidzaza mitsuko. Zowazazo mukapatse olima kabichi."

Prince anati zipangizo zinagulidwa kale, ndipo zimabwera zonse pamodzi. Apa a Makisoni anaimirira, nakonza lamba.

"Kuesiteti azungu amathirira m'mwamba, ndipo tiyi amabiriwira chaka chonse. Ife tizikwirira miphika mpaka liti ngati tikubisa mankhwala? Alendo akabwera adzajambula chiyani? Dothi?"

"Tiyi mumadya maluwa ake?" anafunsa Abiti, koma anthu anali akuseka kale za dothi zija, ndipo funsolo linapita ndi phokoso.

Tinagwirizana kuti tidzavote Loweruka. Lachisanu chakumadzulo Abiti anawoloka msewu ndi mbale ya mbibu zokazinga, zoswaswa kale, zathunthu zokhazokha.

"Che Emma, mawa dzanja lanu lili kuti?"

"Lili ndi inu, achemwali. Mungafunsenso?"

Ndinadya mbale yonse.

Loweruka a Makisoni anati ofuna timipope akweze manja. Manja anakwera khumi ndi limodzi. Otsala tinali khumi ndi awiri. Ine mpaka lero ndimauza anthu kuti duku langa linamasuka, ndipo n'zoona kuti ndinakweza dzanja kukaligwira. Koma duku limamangidwa kanthawi kochepa, ndipo dzanja langa linakhala m'mwamba mpaka a Makisoni analiloza n'kunena kuti khumi ndi awiri. Sindinatsutse. Tsiku lomwelo anthu anati kalabu yamakono ikufunika wapampando wodziwa makina, ndipo mpando unapita kwa a majombo.

Pobwerera tinayenda limodzi ngati kale. Titafika pakati pa nyumba zathu Abiti anaima n'kundiyang'ana kumutu.

"Duku lija lakhala bwino tsopano?"

"Lakhala, achemwali."

"Muzilimanga kunyumba."

Kwa kalabu ananena mawu amodzi okha: aliyense athirire munda wake mmene akufunira, koma wawo asaukhudze. Za duku zija anaoneka kuti anazitaya, chifukwa mu Ogasiti, Mwajuma atachira movutikira ku Songani kumene anakwatiwa, Abiti anabwera kwa ine asanakwere kabaza.

"Ndikakhala mpaka mwana alimbe. Munda ndikusiyira inu. Che Sharifu ndi munthu wabwino, koma akhoza kuupereka chifukwa cha kapu ya tiyi. Mitsuko yokha, Che Emma. Mukatopa dumphani tsiku, mitengo yaikulu siifa. Koma kumutu kusafike dontho."

Ndinalonjeza kachiwiri.

Sabata isanathe a Makisoni anafika ndi Prince. Bungwe linkafuna munda wachitsanzo, wa mitengo ikuluikulu, wa m'mbali mwa msewu kuti magalimoto a alendo asavutike. Munda wotero unali umodzi wokha, wa Abiti. Che Sharifu sanafune ngakhale tiyi. Anawapatsa kapusi ndi tisheti ya bungwe, iwo n'kunena kuti nkhani za munda anasiyira Che Emma. Onse anatembenukira kwa ine.

"Paipi ikalowa m'munda uwu," anatero a Makisoni, "ingodumpha msewu n'kufika mwanu. Ndowa mwatsazikana nayo. Mayi aja akadzabwera adzapeza mitengo itanenepa, adzakuthokozani."

Ndinagwira khosi langa. Ndinati masabata awiri okha, alendo akapita achotse.

Anakhala masabata asanu ndi limodzi. A Makisoni analamula kuti tizitsegula madzi dzuwa likapendeka, ati masana dzuwa limamwa madzi a bungwe. Choncho tsiku lililonse mitengo inkalowa mumdima ikudontha, maluwa ali nyowe mpaka m'mawa. Tsiku la alendo kunabwera magalimoto anayi. Timipope titayamba kuzungulira, m'munda mwa Abiti munaoneka utawaleza, amayi n'kuyimba nthungululu. Ndisaname, zinali zokongola. Pa chithunzi chimene anajambula tsikulo ndilipo, ndikuvina kutsogolo, manja m'mwamba onse awiri.

Masamba anabiriwira n'kumanyezimira. Ndinayamba kukonzekera mawu odzawauza Abiti, oti nawonso nthawi zina amalakwitsa. Sabata yachinayi nsonga za maluwa zinayamba kufiirira. A Makisoni anaziyang'ana n'kunena kuti ndi ludzu, tiwonjezere madzi. Tinawonjezera. Sabata yachisanu m'munda munayamba kununkha ngati chovala chimene chaiwalika m'beseni. Yachisanu ndi chimodzi maluwa onse anali bii, timbibu tili ndi madontho, pansi pali mbwee zoyoyoka. Minda ya kalabu yonse inali chimodzimodzi, wanganso.

Uthenga utafika woti Abiti atsika minibasi kudoko, mudzi unakonzeka ngati kukubwera chimphepo. Amayi anaitana ana kulowa m'nyumba. A Makisoni anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mlamu wodwala ku Jali. Che Sharifu anavula tisheti ija, naikulunga, napalasa bwato pamadzi ochepa amene anatsala kulowa pakati pa mabango, munthu woti anasiya usodzi zaka zisanu zapitazo. Ine ndinalibe kothawira. Ndinaima pamsewu n'kumadikira kukalipa kumene tonse tinkakudziwa.

Sanakalipe. Anatula chikwama pakhonde n'kulowa m'munda nsapato zili kuphazi. Anayenda mtengo ndi mtengo, yonse makumi anayi, akugwira maluwa n'kumawafikisa m'zala. Ine ndinkatsatira kumbuyo. Pamtengo womaliza anagwada, nachotsa phale pakhosi pa mtsuko, nalowetsa mkono. Anatulutsa dzanja louma, lili ndi ulusi wa kangaude.

"Simunathiremo ngakhale kamodzi."

"Ayi, achemwali."

"Chabwino."

Anazula timipope tonse, natitsuka, natindandalika bwinobwino m'mbali mwa msewu kuti eni ake adzatenge. Kenaka anatenga chikwanje. Sabata yathunthu ankadula nthambi zakuda n'kumaziwotcha, okha, osalola munthu kuwathandiza. Chaka chimenecho kalabu yonse sinatole mbibu yodzaza chipewa. Abiti anapeza beseni limodzi, kuchokera ku mtengo wa kuseri kwa chimbudzi kumene madzi a timipope sankafika.

Prince ndimupatse ulemu wake. Anatenga nthambi zodwala kupita nazo kwa akatswiri, ndipo atabwerako anafika kwa Abiti chipewa chili m'manja. Anatchula dzina lachingerezi lalitali ngati msewu wa ku Zomba, n'kufotokoza kuti ndi matenda a mafangasi, amene amakonda maluwa ogona onyowa ndipo amayenda ndi madontho kuchoka tsamba ili kupita linalo.

"Dzina lonselo ndi la chuku chomwechi?"

"Chomwecho, amayi."

"Chaphunzira sukulu chuku."

Prince yemweyo anavula nsapato n'kuyala paipi pansi, kuchoka kuthanki kudutsa mtsuko ndi mtsuko, mmene Abiti ananenera m'kalasi muja. Chaka chotsatira mbibu zinabwerera, ndipo palibe mayi amene anasenzanso ndowa. Koma Prince anasamutsidwa, ndipo amene anabwera pambuyo pake nkhaniyi anaimva kwa wapampando.

Tsiku lina kunafika timapepala ta bungwe, tosalala, tamitundu. Pachikuto panali a Makisoni atagwada ndi majombo awo pambali pa mtsuko wa Abiti, akuuloza ngati aupeza kumene. Pansi analemba kuti mlimi wotsogola wa ku Kachulu watulukira njira yatsopano yothirira mbibu yopewa matenda. Anawatenga kupita nawo ku Lilongwe kukayankhula, n'kubwerako ndi chikwama chazipi chimene ankayenda nacho ngakhale kumaliro.

Abiti anapempha mwana wasukulu kuti awawerengere kapepalako kawiri. Tsiku lachionetsero lotsatira, alendo atakhala pamipando, a Makisoni ali mkati mofotokoza mmene nzeruyi inawabwerera, Abiti anatulukira atasenza chibuma cha dongo. Anachitula pamapazi pawo, pambali n'kuikapo mbale ya mankhusu.

"Atulukira, tiumbireni umodzi alendo aone."

Alendo anawomba m'manja, poganiza kuti zili papulogalamu. A Makisoni anapinda malaya. Analimbana ndi dongo lija mpaka thukuta kudontha pamphuno, ndipo chimene chinatuluka ena anati ndi chipewa, ena anati ndi kamba wopondedwa ndi lole. Mlendo wina anachijambulanso. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma timapepala tija sanatisinthe, ndipo ndikumva kuti mpaka pano tikugawidwa m'maboma ena.

Ineyo sanandichititse manyazi pagulu. Anangosiya kunditchula Che Emma. M'mawa mwake mwa tsiku la kangaude lija anandipatsa moni ali kutsidya kwa msewu: "Mwadzuka bwanji, Mayi Thomson? Kunyumba kuli bwanji? Ana ali bwanji?" Moni wathunthu, wopanda chosowa, umene umapatsa mlendo wodutsa. Masana anatumiza Che Sharifu kudzabweza sefa yanga, lichero, ndi singano imene anabwereka chaka chimene Mwajuma ankalemba mayeso. Mtsuko wanga ukasweka ndinkapeza watsopano pakhonde, wopanda ulaliki. Ndinkayesa dala kulakwitsa iwo akuona, mwina kuthira madzi patsinde penipeni, kuti mwina andikalipire. Ankangoyang'ana kumbali. Zinakhala choncho zaka zinayi.

Chaka chatha miyendo ya Abiti inayamba kutupa, kenaka mpweya kuvuta. Mwajuma anabwera kudzawasamala. Ine ndinazungulira masiku atatu, tsiku lachinayi ndinaphika phala la mpunga n'kuwoloka msewu. Ndinawapeza atatsamira khoma, atachepa ngati mwana. Anandilozera mphasa.

"Achemwali, ndabwera kudzapepesa. Ndachedwa, koma ndabwera."

Anakoka mpweya movutikira.

"A Makisoni sanandilakwire," anatero. "Munthu uja sanadyepo m'mbale mwanga. Wabungwe uja anali mwana, anawerenga zimene anamulembera. Che Sharifu ndinawadziwa kalekale. Koma inu ndinakufunsani kawiri."

"Linali khosi, achemwali. Ndowa zija zinkandipha. Usiku sindinkagona."

"Khosi?"

"Zaka zisanu ndi ziwiri."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanamva?"

Anaganiza kaye, chifukwa bodza sankalidziwa.

"Ayi. Ndikanakuuzani kuti nkhata yanu ndi yopyapyala. Koma mukanandiuza."

Anadya masipuni atatu a phala n'kunena kuti mchere wachepa. Ndinatuluka m'nyumbamo ndikumwetulira ngati wopenga, chifukwa aka kanali koyamba kundidzudzula m'zaka zinayi. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataikidwa.

Sadaka ya masiku makumi anayi itatha, Mwajuma anamanga katundu wa bambo ake kuti apite nawo ku Songani. Ine ndinali nditakonzeka. Ndinkadziwa mtsuko uliwonse m'munda uja, ndipo ndinkayembekeza kuti andisiyira kuti ndiziusamala. Anabwera kwathu, nakhala pansi mwaulemu, maso ali pamphasa.

"Amayi anasiya mawu a munda. Anati ndipeze munthu wousamala, wina aliyense, ngakhale a Makisoni, koma osati inu."

Ndinati ndamva.

"Anatinso mbibu zoyamba kugwa chaka chilichonse zizikhala zanu. Zokazinga, zoswaswa kale. Anati mukudziwa chifukwa chake."

Sindikudziwa ngati chimenecho ndi chikhululukiro kapena chilango, ndipo woti ndimufunse palibe.

Masiku ano misonkhano ya kalabu imatha isanakwane theka la ola. Wapampando akanena chinthu, tonse timavomera, wina n'kutseka ndi pemphero. Tikatuluka timaima pabwalo la sukulu kuyang'anana, chifukwa kale njira yonse yobwerera tinkayenda tikubwereza zimene Abiti anena, wina kuyesa mawu awo, wina kayendedwe kawo. Dongo lija palibe amene analidziwa muyeso wake. Amene ayesa, mitsuko yawo imasweka pamoto kapena imasunga madzi ngati ya anthu onse. Ya Abiti ija ikusweka umodziumodzi, ndipo m'malo mwake tikukwirira zigubu zoboola ndi msomali.

Munda uja akuusamala bambo wina wa ku Jali, munthu wofatsa, wosayankhulayankhula. Amabwera panjinga kawiri pa sabata. Ndikamuona ndimamupatsa moni ndili kutsidya kuno kwa msewu. Tsiku lina anandifunsa ngati ndikudziwa pamene pali mtsuko wa mtengo wapakona, chifukwa mchenga unaukwirira. Ndinamulozera ndi chala ndili pakhonde panga. Anafufuza, osaupeza, n'kundipempha kuti ndibwere ndimuonetse.

Ndinamuuza kuti asunthe mapazi awiri chakunyanja, akumbe pomwepo.